Mau opingasana: tiyeni tiwamange m'Cinyanja cathu

Ca kumapeto kwa manyuzipepala ambiri a Cingerezi kumapezeka kabwalo ka timabokosi toyera ndi takuda, ndipo pambali pace pamakhala mndandanda wa mafunso. Eni ace a Cingerezi amacha masewera amenewa crossword. Ife pano tiwacha mau opingasana, pakuti mau ena amayenda copingasa, ena amayenda cotsika, ndipo amakumana pa lembo limodzi monga momwe misewu ikumanira pa mphambano. Aphunzitsi, makalaliki, anamwino ndi akulu opuma pa nchito a m'makomboni a Lusaka monga Chunga, Matero, George ndi Chawama amawadziwa masewerawa, ndipo ena a iwo sataya nyuzipepala asanadzaze kabokosi komaliza.

Koma ndi ocepa amene amafunsa kuti kodi bwalo limeneli amalimanga ndani, nanga ncifukwa ninji nthawi zambiri limakhala la m'Cingerezi. Kuwerenga anthu kwa mu 2010 kunaonetsa kuti m'cigawo ca Lusaka anthu oposa theka amagwiritsa nchito Cinyanja pa zokamba zao za tsiku ndi tsiku. Cinyanja ciri pa msika, m'basi, m'chalichi ndi pa wailesi, koma m'timabokosi timeneti sicioneka kawirikawiri. Ena amati cinenero cathu sicilola. Zoona zace nzakuti cimalola ndithu, malinga ngati womanga aleka kukopera bwalo la Cingerezi nayamba kumvera m'mene mau athu anapangidwira.

KUMENE MASEWERAWA ANACOKERA

Masewerawa si akale kwambiri ai. Oyamba odziwika bwino anasindikizidwa pa 21 December, 1913, m'nyuzipepala ya New York World ku America. Anawamanga ndi Arthur Wynne, mtolankhani wobadwira ku Liverpool, amene anali kuyang'anira tsamba la zosangalatsa la pa Sondo. Mu 1924 kampani ya Simon & Schuster inatulutsa buku loyamba la mau opingasana okhaokha, buku liri lonse liri ndi pensulo yace, ndipo anthu analigula mwaunyinji. The Times ya ku London inayamba kuwasindikiza mu 1930. New York Times, imene poyamba inali kuwanyoza kuti ngotayitsa anthu nthawi, inagonja mu 1942.

Mkonzi woyamba wa masewerawa ku New York Times anali mai Margaret Farrar, ndipo malamulo amene iye anawalimbitsa akali kutsatidwa ku America. Bwalo la masiku a pakati pa sabata limakhala ndi timabokosi 15 m'litali ndi 15 m'lifupi. Mukalitembenuza mutu pansi, timabokosi takuda tiyenera kugwera pa malo omwewo. Liu liri lonse likhale ndi malembo osacepera 3, ndipo lembo liri lonse likhale m'mau awiri, lina lopingasa, lina lotsika. Ku Britain anatsata njira ina: timabokosi takuda ntambiri, ndipo pafupifupi theka cabe la malembo ndilo limakhala pa mphambano, koma mafunso ao ngokhotakhota kwambiri.

OMANGA ACE NDI ANTHU WAMBA

Cofunika kudziwa ncakuti ambiri mwa omanga ochuka anali ndi nchito zao zina. Adrian Bell, amene anamanga bwalo loyamba la The Times, anali mlimi ndiponso mlembi wa mabuku. John Graham, amene anamangira The Guardian kwa zaka zoposa 50 kufikira imfa yace mu 2013, anali wansembe wa mpingo wa Anglican. Leonard Dawe wa Daily Telegraph anali mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhani yace iri ndi phunziro kwa ife.

Mu May ndi kuciyambi kwa June, 1944, pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, m'mabwalo a Dawe munatuluka mau akuti Utah, Omaha, Overlord, Mulberry ndi Neptune. Onsewa anali maina acinsinsi a nchito yaikuru ya asilikali a Britain, America ndi anzao yokaloweza magulu ao ku France, imene inacitika pa 6 June caka comweco. Akazitape a Boma la Britain anamfunsa kolimba mphunzitsiyo, poganiza kuti anali kuululira adani, koma sanampeze ndi mlandu. Patapita zaka 40, mmodzi wa ana ace a sukulu anafotokoza cimene cinacitika. Dawe anali ndi cizolowezi copatsa anyamata mabwalo opanda kanthu kuti aikemo mau, iye nkumalemba mafunso pambuyo pace, ndipo anyamatawo anali kutola mauwo kwa asilikali amene anamanga misasa pafupi ndi sukulu.

Phunziro lace nlakuti bwalo limanyamula mau a kumene lamangidwira. Bwalo lomangidwa ku London lidzakufunsani za mitsinje ya ku England ndi masewera a cricket. Lomangidwa ku Chunga lidzafunsa za Mwembeshi, za cikanda ndi za nsolo. Ngati tifuna kuona mau athu m'timabokosi, omanga ace tiyenera kukhala ife tomwe.

CIFUKWA CACE BWALO LA KU AMERICA LIMAKANA CINYANJA

Amene anayesapo kuika mau a Cinyanja m'bwalo lokopera amadziwa kuti nchito imaima msanga. Cifukwa cace si kucepa kwa mau, koma kapangidwe kace. Pafupifupi mau onse a Cinyanja amathera ndi limodzi la malembo a liu, ndiwo a, e, i, o, u. Tsono taganizani za mzere womaliza wa ku dzanja lamanja kwa bwalo. Kabokosi kali konse koyera ka mumzere umenewo ndi mathero a liu lopingasa, cotero muli lembo la liu. Ngati titsata lamulo la ku America lakuti lembo liri lonse likhalenso m'liu lotsika, ndiye kuti liu lotsikalo lidzakhala la malembo a liu okhaokha. Kupatula "iai" wa m'mabuku akale, mau otere a malembo 3 kapena oposa tiribe. Bvuto lomweli liri pa mzere wa pansi. M'Cingerezi mulibe bvutoli cifukwa mau ao ambiri amathera ndi malembo opanda liu monga t, d, n ndi s.

Anthu a ku Italy, amene mau ao nawonso amakonda kuthera ndi malembo a liu, sanaumirire malamulo a eni. Iwo amalola mau a malembo 2, ndipo saumiriza kuti timabokosi takuda tifanane mbali zonse. Cinenero ciri conse cimadzisokera cobvala coyenera thupi lace.

Njira ya ku Britain ndiyo imatilola pang'ono, pakuti malembo ena sakhala pa mphambano. Onani kabwalo aka ka timabokosi 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, kali ndi takuda 4:

K H A S U
H ■ T ■ S
U K A L I
T ■ T ■ K
U L E M U

Copingasa muli KHASU, UKALI ndi ULEMU. Cotsika muli KHUTU, ATATE ndi USIKU. Womanga wanzeru amayambira ku mzere wa pansi ndi wa ku dzanja lamanja, kumene kuli kobvuta, nafuna mau onga ULEMU ndi USIKU amene lembo loyamba, lacitatu ndi lacisanu onse ndi a liu. Akapeza amenewo, ena onse amatsatira. Koma werengani mphambano zace. Ziripo 9, ndipo pa 8 mwa izo pali lembo la liu. Woyankha akapeza U kapena A sathandizidwa kwenikweni, popeza mau okhala ndi malembo amenewa ngosawerengeka. Bwalo limamangika, inde, koma likakula womanga amangozungulira pa mau oyamba ndi U ndi A, monga ufulu, ufumu, ubale, amuna ndi akazi.

KALEMBEDWE KA KUNO NDI KA KU MALAWI

Bvuto laciwiri ndi kalembedwe. Pa nkhani wamba munthu angalembe "cimanga" kapena "chimanga" ndipo owerenga adzamva. M'bwalo sizitero, cifukwa loyambalo lifuna timabokosi 7 ndipo laciwirilo 8. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro kuno ku Zambia unatulutsa buku la kalembedwe kobvomerezeka ka zinenero 7 zophunzitsidwa m'sukulu, ndizo Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Ku Malawi, kumene cineneroci cinapatsidwa dzina lakuti Chichewa mu 1968, bungwe la Chichewa Board linaika malamulo ace ace. Motero ife timalemba "nchito", iwo "ntchito". Mabuku athu akale ali ndi "mau" ndi "bvuto", pamene a ku Malawi a masiku ano ali ndi "mawu" ndi "vuto". Ena a ife amalemba "kuphunzira", ena "kuphunzila". Palinso funso la kacizindikiro ka m'mau onga "ng'ombe" ndi "ng'oma": kodi kapatsidwe kabokosi kace kapena ai?

Ngakhale maina a malo athu ali ndi nkhani yomweyi. Pa zikwangwani ndi pa mapu timawerenga Chunga, Chawama ndi Chipata, ndipo womanga ayenera kuwasiya monga momwe Boma liwalembera, ngakhale mau ena onse a m'bwalo lace atsata kalembedwe ka m'sukulu. Lamulo losathyoka nlakuti pamwamba pa mafunso alembepo kalembedwe kamene watsata. Kusatero ndiko kuchera woyankha msampha wopanda cilungamo.

PHATIKIZO LIMODZI M'KABOKOSI KAMODZI

Pali njira imene imacotsa mabvuto awiriwa nthawi imodzi, ndipo tonse tinaiphunzira tiri ana pamene tinali kuimba ba, be, bi, bo, bu. Mau a Cinyanja amamangidwa ndi maphatikizo, ndiko kuti timagulu ta malembo tochulidwa ndi mpweya umodzi, monga KA, NYU ndi MBA. M'malo moika lembo limodzi m'kabokosi, womanga aike phatikizo lathunthu.

Imeneyi si njira yacilendo pa dziko lapansi. Ku Japan kabokosi kali konse kamalandira cizindikiro cimodzi ca kalembedwe kao kochedwa kana, ndipo cizindikiro cimeneco cimaimira phatikizo. Ku Germany ndi ku Italy nakonso magazini a masewera amasindikiza mabwalo a maphatikizo pambali pa a malembo. Ngati zinatheka kumeneko, kuli bwanji m'Cinyanja, mmene maphatikizo amamveka poyera ngati kulira kwa mtondo?

Nali bwalo la timabokosi 9, lopanda kakuda ndi kamodzi komwe:

KA LU LU
LU SA KA
LU KA NGA

Muwerenge copingasa kapena cotsika, mudzapeza mau omwewo: KALULU, LUSAKA ndi LUKANGA, madambo aja a kumadzulo kwa Kabwe. Cimene cinakanika ndi malembo catheka ndi maphatikizo, ndipo pa mphambano iri yonse woyankha alandira thandizo lenileni, pakuti mau oyamba ndi LU ngocepa poyerekeza ndi mau okhala ndi U.

Za kalembedwe nazonso zimapepuka. CI-MA-NGA ndi CHI-MA-NGA onse atenga timabokosi 3. MA-U ndi MA-WU atenga 2, cimodzimodzinso BVU-TO ndi VU-TO. NG'O akhala m'kabokosi kamodzi pamodzi ndi kacizindikiro kace. Motero bwalo lomangidwa ku Chunga lingayankhidwe ku Katete, ku Mchinji kapena ku Angónia popanda mkangano wa kucuruka kwa timabokosi. Cosamala ncimodzi: m amene amachulidwa payekha, monga m'mau akuti "mtengo" ndi "mlimi", ndi phatikizo pa iye yekha, cotero tilemba M-TE-NGO m'timabokosi 3, pamene "mbale" ndi MBA-LE m'timabokosi 2.

MAFUNSO NDIWO NDIWO ZACE

Bwalo ndi nsima, mafunso ndiwo ndiwo. Apa Mnyanja sayenera kubwereka kwa wina ali yense, popeza luso lobisa cinthu m'mau tinakula nalo m'zirapi za madzulo. Funso lakuti "ciwalo comvera" nlolondola pa KHUTU, koma nlozizira. Lembani kuti "limamva za onse koma silinena kanthu", ndipo woyankha adzamwetulira akalipeza. Pa KHASU mungati "limadya dothi tsiku lonse koma silikhuta". Pa USIKU, "nthawi imene kadzidzi ayamba nchito". Pa ULEMU, "cimene aonetsa mwana wogwada popereka madzi kwa akulu".

Cuma cina ciri m'mau a matanthauzo awiri kapena atatu, amene polankhula timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liu kapena ndi nkhani imene iri pakamwa, koma polemba amafanana. MTENGO uli m'nkhalango ndiponso uli pa katundu wa m'sitolo. KULEMERA ndi kwa thumba la simenti ndiponso kwa mwini masitolo. KAMBA ndi nyama ya cigoba, ndi cakudya ca paulendo, ndiponso ndi kuuza munthu kuti alankhule. Funso longa lakuti "umapatsa mthunzi, koma ukakwera ogula amadandaula" limagwira matanthauzo awiri a MTENGO m'ciganizo cimodzi. Maina a malo a mu Lusaka ali ndi mwai womwewu: MTENDERE ndi komboni ndiponso ndi cimene dziko lopanda nkhondo liri naco, ndipo KAMWALA ndi malo a masitolo ndiponso ndi kanthu koponya ndi legeni.

Womanga angathenso kutembenuza maphatikizo. LEKA akatembenuka asanduka KALE, ndipo PALA asanduka LAPA. Angabise liu m'kati mwa linzace, monga SAKA ndi LUSA amene ali m'dzina la LUSAKA. Koma pa zonsezi pali lamulo limene omanga a ku Britain analimbikira, makamaka Derrick Macnutt, mphunzitsi amene anali kumangira The Observer ndipo analemba buku la luso limeneli mu 1966. Lamulolo nlakuti funso lingasokeretse, koma lisaname. Woyankha akaona yankho ayenera kubvomera kuti zonse zinali pamaso pace. Ngati yankho liri la zinthu zambiri, funso linene za zambiri. Ngati yankho ndi mau olamula, funso likhale lolamula.

Pali ciyeso cimodzi ca m'cinenero cathu cimene womanga ayenera kucikana. Popeza Cinyanja cimalumikiza tizidutswa tambiri m'liu limodzi, nkosabvuta kutseka dzenje la m'bwalo ndi liu longa "sindidzakupatsaninso". Limeneli ndi liu loona, koma palibe funso labwino limene lingalozere kwa ilo lokha. Gwiritsani maina a zinthu, a malo ndi a anthu odziwika, ndiponso mau a zocita m'maonekedwe ao afupi, monga LIMA, PHIKA ndi TUNGA.

CINYANJA CA M'BUKU NDI CA M'TAUNI

Womanga wa ku Lusaka adzakumana ndi funso limene wa ku Chadiza sakumana nalo kwambiri. Cinyanja ca m'makomboni cinatola mau ku Cinsenga, ku Cibemba ndi ku Cingerezi. Mwana wa ku Chunga amati "manzi" pamene buku liti "madzi", amati "manje" pamene buku liti "tsopano", amati "vinthu" pamene buku liti "zinthu". Taonani kuti MADZI ndi MANZI onse ali ndi malembo 5 ndi maphatikizo 2. Funso lakuti "timamwa tikamva ludzu" lingalandire onse awiri, ndipo woyankha amene walemba MANZI adzaima pa mphambano osadziwa cimene walakwa.

Ena angati mau a m'tauni asalowe konse. Koma bwalo lokana mau amene anthu amalankhula lidzasowa oliyankha, ndipo bwalo losasiyanitsa lidzasokoneza ana a sukulu amene alemba mayeso m'Cinyanja ca m'buku. Njira yabwino ndiyo kulola onse awiri ndi kunena poyera m'funso: "monga anenera m'tauni", kapena "monga anenera kumudzi". Pamenepo mwana aphunzira kuti mau ngawiri, ndi kuti liri lonse liri ndi malo ace.

Wolemba funso alinso ndi mphamvu imene ambiri saiona. Tiyerekeze kuti yankho ndi CHUNGA. Munthu wa kutali, amene amangomva za malowa pa nkhani za pa wailesi, adzalemba kuti "kumene mzinda umataya zinyalala", kapena adzachula za manda. Nzoona kuti zimenezi ziriko. Koma wokhala komweko angalembe kuti "kamtsinje kothira m'Mwembeshi", kapena "komboni yoyandikana ndi Matero ndi Lilanda". Mafunso onsewa ngoona, koma sapereka cithunzi cimodzi. Amene agwira pensulo ndiye amasankha cimene anthu adzakumbukira za kwao.

KAYAMBIDWE KACE

Zida zace nzosabvuta kupeza: buku la masamu la timabokosi, pensulo, rabala ndi rula. Bolopeni isayandikire kufikira nchito itatha, cifukwa kumanga bwalo ndi kufufuta kosalekeza.

Coyamba, sankhani mutu, monga msika, mitsinje ya Zambia, ziwiya za m'nyumba kapena mpira, ndipo lembani mau 30 kapena 40 a mutu umenewo, muwagawe m'maphatikizo. Caciwiri, yambani ndi bwalo laling'ono la timabokosi 5 kapena 7 mbali iri yonse. Ikani mau atali poyamba, afupi pambuyo, ndipo detsani kabokosi pokhapo pamene liu latha. Cacitatu, onetsetsani kuti mau onse alumikizana, pasakhale kagulu kokhala pa cisumbu, ndiponso liu limodzi lisabwere kawiri. Cacinai, ikani manambala kuyambira pamwamba ku dzanja lamanzere, pa kabokosi kali konse koyambira liu. Cacisanu, lembani mafunso, ndipo pa mapeto pa funso liri lonse muike ciwerengero ca timabokosi ta yankho. Comaliza, jambulani bwalo lopanda mayankho mupatse mnzanu amene sanaone nchito yanu. Pamene iye waima nthawi yaitali, kapena pamene wapeza yankho lina lokwanira bwino lomwe, pamenepo mpofunika kukonza.

Womanga asunge buku lina la mau okhaokha, losanjidwa monga mwa phatikizo loyamba ndi lomaliza, pakuti funso limene lidzamsautsa masiku onse ndi longa ili: ndi liu liti la maphatikizo 3 loyamba ndi LU ndi kuthera ndi NGA? Mabuku otanthauzira mau amathandiza. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa lace mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929. Mu 2000 bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lofotokoza mau a Cinyanja m'Cinyanja momwe, ndipo pambuyo pace kunabwera la Steven Paas la Chichewa ndi Cingerezi. Powagwiritsa nchito mukumbukire kuti kalembedwe kao si ka m'sukulu zathu. Masiku ano kulinso mapulogalamu a kompyuta odzaza bwalo, koma amadziwa mau okhawo amene munthu wawapatsa. Cotero nchito yotola mau, kwa agogo, pa msika ndi m'mabuku, ikali ya munthu.

PHINDU LACE KWA ANA ATHU

Nkhani imeneyi si ya kusangalala kokha ai. Kuyambira 1966 ana a m'dziko muno anali kuphunzira m'Cingerezi kucokera Giredi 1. Mu 2014 Boma linayamba kuphunzitsa magiredi 1 mpaka 4 m'zinenero za m'zigawo, ndipo ku Lusaka ndi ku cigawo ca Kum'mawa cinali Cinyanja. Ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025 inabwezera Cingerezi pa malo a cinenero cophunzitsira. M'kusinthasintha konseku mwakula anthu ambiri amene amalankhula Cinyanja bwino lomwe koma amacita mantha kucilemba, ndipo pa foni ali yense amalemba monga momwe afunira.

Bwalo la mau opingasana ndi mphunzitsi wosakwapula. Silikalipa, koma sililola kulakwa. Mwana amene walemba KUTU m'malo mwa KHUTU adzaona yekha kuti kabokosi kamodzi katsala, ndipo adzafuna kudziwa cifukwa cace. Mwana amene wamanga bwalo lace lace aphunzira koposa, popeza ayenera kugawa liu liri lonse, kulichula bwino ndi kufunsa akulu tanthauzo lace lenileni. Mphunzitsi angajambule bwalo pa bolodi pa Cisanu masana, kalasi lina nkumangira kalasi linzace. Magulu a acinyamata a m'mipingo, makalasi a akulu ophunzira kuwerenga ndi mabanja pa nthawi imene magetsi apita angacite cimodzimodzi, popeza masewerawa safuna ndalama kapena malo akulu. Ndipo amene wamanga bwalo labwino asalibise m'sutukesi. Alikopere bwino, aike mayankho pa pepala lina, alitumize kwa akonzi a manyuzipepala ndi a magazini a m'sukulu, pakuti mkonzi sangasindikize cimene sanalandire.

Tsono nali bwalo loti muyambirepo. Jambulani timabokosi 9, atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, ndipo muike phatikizo limodzi m'kabokosi kali konse. Mayankho ndi amodzimodzi copingasa ndi cotsika.

1. Komboni ya kumadzulo kwa tauni ya Lusaka; kandiwo kakang'ono kocokera ku buchala (3).
2. Tenga katundu upite naye (3).
3. Cobvala ca kolala ndi mabatani (3).

Mukalitsiriza, tembenuzani pepalalo, mujambule timabokosi tina 9 topanda kanthu, ndipo mafunso ace mulembe ndinu.